Ulendo woyamba wa ku Berlin, kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba: tikaone chiyani, tisiye chiyani?

Nachisale wa ku Leeds analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse a pabwalo lino. Ine ndi bambo a kunyumba kwanga tikukhala ku Leeds kuno ku England, ndipo tagwirizana kuti mwezi wa Okutobala tikaone mzinda wa Berlin, umene tonse awiri sitinaupondepo. Tikufuna kukafika Lachisanu masana ndi kubwerako Lolemba madzulo, chifukwa tchuthi chimene ndapatsidwa kuntchito sichikundilola kupitirira pamenepo. Bambowa amakonda kwambiri mbiri yakale, makamaka ya khoma limene linagawa mzindawu pakati, koma bondo lawo lakumanja limawavuta, moti sangathe kuyenda wapansi tsiku lathunthu kapena kukwera masitepe ambiri.

Malo amene ndalemba pa pepala langa ndi chipata cha Brandenburger Tor, nyumba ya malamulo ya Reichstag, Checkpoint Charlie (malo amene anthu ankaolokerapo malire pa nthawi ya khoma lija), nyumba zonse zosungiramo zinthu zakale za pa chilumba cha Museumsinsel, nsanja yaitali ya pa Alexanderplatz, nyumba zachifumu za ku Potsdam, ndipo ngati kungatheke ndimafuna titatsikirako ku Munich kwa tsiku limodzi, popeza anzanga akuntchito amautama kwambiri mzinda umenewo. Ndikupempha amene mukuudziwa mzindawu kuti mundiuze moona ngati zonsezi zingakwane m'masiku amenewa, dera limene kungakhale kwanzeru kufunako malo ogona, ndiponso mmene tingayendere mkati mwa mzinda popanda kuwononga ndalama zambiri pa matakisi. Tonse awiri tili ndi mapasipoti a dziko la Malawi komanso zilolezo zokhalira kuno ku Britain, choncho mundiunikirenso pa nkhani ya viza.

Mbewe wa ku Neukölln anayankha:

Mayi Nachisale, ine ndimakhala mumzinda umene mukufuna kudzauonawu, ndipo langizo langa loyamba ndi lakuti muchotse Munich pa pepala lanulo. Kuchoka kuno kukafika kumeneko ndi mtunda wosasiyana kwenikweni ndi wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu, ndipo ngakhale sitima yothamanga kwambiri imatenga maola pafupifupi anayi ulendo wopita wokha, moti tsiku lanu lonse lingathere pampando. Potsdam ili pafupi, mumafikako pa sitima ya S7, koma munda wa Sanssouci ndi waukulu zedi ndipo kukongola kwake kumaoneka kwa munthu woyenda wapansi, zimene sizingawachitire bwino bambo ndi bondo lawolo. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Masiku anuwo akukwanira Berlin yekha, ndipo mukakonza bwino mudzaona zambiri popanda kudzitopetsa.

Malo ogona mufune pafupi ndi siteshoni yaikulu ya Hauptbahnhof kapena cha ku Friedrichstraße. Dera la siteshoni yaikululo silokongola kwenikweni, koma lili ndi ubwino umene munthu wovutika mwendo angauyamikire. Sitima yochokera ku bwalo la ndege la BER imakutulani pomwepo pakatha pafupifupi theka la ola, ndipo pomweponso pamayambira sitima yapansi panthaka ya U5, imene imaima pa Bundestag, Brandenburger Tor, Unter den Linden, Museumsinsel ndi Alexanderplatz, kutanthauza kuti theka la malo amene mwalembawo lili pa njanji imodzi. Ambiri mwa masiteshoni amenewa ndi atsopano ndipo ali ndi zikepe. Bwalo la ndege lili m'chigawo chimene amachitcha C, choncho tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka mugule matikiti a ABC, pamene masiku apakatiwo tikiti ya AB ya maola 24 ikukwanirani pa basi, pa sitima zonse ndi pa Tram, zimene ndi sitima zoyenda mumsewu. Chimene alendo ambiri amalakwa ndi ichi: kuno kulibe zitseko zotchinga polowa m'siteshoni, ndiye munthu amagula tikiti yapepala n'kukwera osaidinda. Muyenera kuilowetsa m'kamakina kakang'ono kamene kamakhala papulatifomu kapena m'basi kuti ilembedwe nthawi, apo ayi oyendera matikiti, amene nthawi zambiri savala yunifolomu, adzakulipiritsani chindapusa cha mayuro 60 aliyense, ndipo kunena kuti ndinu alendo sikuwasintha maganizo.

Tsopano za kagawidwe ka masiku, zimene ndikuona kuti ndiye nkhani yaikulu, chifukwa nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimatsekedwa Lolemba, ndipo masitolo amatsekedwa Lamlungu. Lachisanu mukafika ndi kupuma pang'ono, pitani ku Brandenburger Tor, chipata chimene chinamalizidwa mu 1791, ndipo mukatero mukwere denga lagalasi la Reichstag madzulo dzuwa likulowa. Kukwera dengali ndi kwaulere, koma muyenera kulembetsa mayina anu ndi masiku obadwa pa intaneti, pa tsamba la Bundestag, imene ndi nyumba ya malamulo ya Germany, milungu ingapo musananyamuke, ndipo pa tsikulo mutenge mapasipoti chifukwa amawayang'ana pakhomo. Chikepe chimakufikitsani pamwamba pa nyumbayo, ndipo mkati mwa denga muli njira yokwera pang'onopang'ono mozungulira yopanda masitepe, pamene mukayang'ana pansi kudzera m'galasi mumaona mipando ya aphungu. Muchite zimenezi msanga mukangodziwa masiku anu, popeza malo amatha ndipo masiku ena dengali limatsekedwa kuti alikonze.

Loweruka likhale la Museumsinsel, koma musayese kulowa m'nyumba zonse. Zilipo zisanu, ndipo yotchuka kwambiri, Pergamonmuseum, inatsekedwa mu Okutobala 2023 chifukwa ikukonzedwa. Sankhani imodzi, ndipo ine ndingasankhe Neues Museum, mmene muli chosema cha mutu wa mfumukazi Nefertiti ya ku Egypt, chimene chinafukulidwa ku Amarna mu 1912. Chili chokha m'chipinda chake, utoto wake ukuonekabe bwino ngakhale papita zaka zoposa 3,000, ndipo m'chipindamo salola kujambula. Mukatuluka, bambo akhoza kupumitsa mwendo pa basi nambala 100, imene imayenda pakati pa Alexanderplatz ndi Zoologischer Garten kudutsa pa Unter den Linden, pa Reichstag, pa nyumba ya pulezidenti ya Schloss Bellevue ndi pa chipilala cha Siegessäule, ndipo tikiti yanu yomwe ija ikugwira ntchito. Kumene basiyi imathera kuli tchalitchi cha Kaiser-Wilhelm-Gedächtniskirche, chimene chinaphulitsidwa ndi mabomba mu 1943 ndipo nsanja yake anaisiya yogumuka dala kuti anthu azikumbukira nkhondo.

Za khoma ndiye ndikupemphani kuti mundimvere bwino. Checkpoint Charlie ndi dzina lalikulu, koma kanyumba ka asilikali kamene kali pamenepo si kenikeni, ndipo pozungulira pake padzaza ogulitsa zikumbutso ndi malo odyera. Ngati bambo akufunadi kumvetsa chimene khomali linali, Lamlungu mukwere Tram ya M10 pa Hauptbahnhof n'kutsika pa Nordbahnhof, pamene pamayambira chikumbutso cha Bernauer Straße. Mumsewu umenewu, pamene malire anatsekedwa pa 13 Ogasiti 1961, nyumba zinali kum'mawa koma njira ya oyenda pansi ya kutsogolo kwa makomo awo inali kumadzulo, moti anthu ankadumpha kuchokera pa mawindo, ena n'kugwera m'nsalu zimene ozimitsa moto a kumadzulo ankatambasula, ena n'kufera pomwepo. Mayi Ida Siekmann, amene amawerengedwa kuti ndi munthu woyamba kufa chifukwa cha khomali, anadumpha mumsewu womwewu pa 22 Ogasiti 1961. Pansi pa msewuwu panadutsanso njira imene anthu anakumba mobisa, ndipo anthu 57 anathawiramo mu Okutobala 1964. Lero anasungapo chigawo chimodzi monga mmene chinalili: khoma lakutsogolo, bwalo lamchenga lapakati limene alonda ankaonerapo mapazi a othawa, nsanja ya mlonda ndi khoma lachiwiri lakumbuyo. Munthu ukaima pamalo oonerapo a kutsidya kwa msewu ndi pamene umazindikira kuti silinali khoma limodzi ayi. Zonsezi ndi zaulere. Mukatha pamenepo, M10 yomweyo imadutsa pafupi ndi Mauerpark, pamene Lamlungu pamakhala msika wa zinthu zakale ndi oimba, n'kukathera ku Warschauer Straße, pafupi ndi East Side Gallery, chigawo cha khoma chotalika makilomita 1.3 chimene akatswiri ojambula anachikongoletsa mu 1990. Simukufunika kuchiyenda chonse, poyambira pokha pafupi ndi mlatho wa Oberbaumbrücke mpokwanira.

Lolemba m'mawa musiye katundu ku hotela kapena m'mabokosi okhoma a pa siteshoni, mupite ku Topographie des Terrors, pamalo pamene panali likulu la Gestapo ndi SS, magulu a chitetezo ankhanza a boma la Hitler, chifukwa pamenepo amatsegula tsiku lililonse ndipo salipiritsa. Checkpoint Charlie ili pafupi kwambiri ndi pamenepo, ndiye mukhoza kungoidutsa n'kujambulapo chithunzi.

Mai a Tadala ku Croydon anayankha:

Achemwali, a Mbewe afotokoza bwino za malo, ine ndionjezerepo za viza ndi zinthu zing'onozing'ono zimene zimasowetsa mtendere munthu akafika. Chilolezo chokhalira ku Britain sichikupatsani ufulu wolowa ku Germany, choncho ndi pasipoti ya Malawi mukufunika viza ya Schengen, ndipo muyenera kuipempha kudzera ku ofesi yoimira dziko la Germany chifukwa ndi kumene mukakhale. Amalola kupempha kukatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti munyamuke, ndipo ndikukulangizani kuti musadikire, popeza chovuta si kudzaza mafomu koma kupeza tsiku loti mukaonekere ndi kukajambulitsa zala. Mtengo wa viza ya munthu wamkulu unakwera kufika pa mayuro 90 mu 2024, ndipo pamwamba pake pali ndalama ina imene amatenga amene amalandira mafomuwo. Adzafuna inshulansi ya paulendo yokwana mayuro 30,000 pa zachipatala, umboni wa malo ogona ndi wa ndege, makalata a kubanki ndi kalata ya kuntchito, ndipo pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera itatu kuchokera tsiku limene mudzachoke ku Germany. Posungitsa hotela sankhani imene imalola kusintha maganizo popanda kutaya ndalama, kufikira viza itatuluka.

Muonenso kalendala, chifukwa pa 3 Okutobala ndi tsiku lokumbukira kugwirizananso kwa Germany, ndipo masitolo amatsekedwa monga Lamlungu. Pa Lamlungupo, zofunika monga madzi, buledi ndi zipatso mugule Loweruka, ngakhale masitolo a m'masiteshoni akuluakulu monga Hauptbahnhof amatsegula, kungoti anthu amadzazamo. Muyende ndi ndalama zogwira m'manja pang'ono, popeza malo ena odyera ang'onoang'ono salandira khadi, ndipo zimbudzi za m'masiteshoni ndi zolipira. Mukagula chakumwa cha m'botolo lapulasitiki kapena m'chitini amaonjezerapo masenti 25, amene mumabwezeredwa mukalowetsa botolo lopanda kanthulo m'makina a m'sitolo. Mapulagi a kumeneko ndi a mano awiri ozungulira, osati atatu ngati athu a kuno ndi a kumudzi, choncho mugule adaputa musananyamuke.

Chimene ndikufuna kutsindika kwambiri, poganizira bambo amene sangathe kuthawa msanga, ndi njira za njinga. M'misewu yambiri njira ya opalasa njinga ili pambali penipeni pa njira ya oyenda pansi, ndipo imangosiyanitsidwa ndi mtundu wa njerwa, kawirikawiri zofiirira, moti mlendo amaimapo osadziwa, makamaka potsika basi. Opalasawo amathamanga ndipo sayembekezera kupeza munthu pamenepo. Za chakudya musadandaule, döner ya Aturuki, imene ndi nyama yowotcha yoikidwa m'buledi, imapezeka paliponse, ndi yotsika mtengo ndipo imakhutitsa, koma ngati simudya nkhumba mufunse kaye musanagule soseji yotchuka ya currywurst. Mwezi umenewo kumazizira ndipo kumada msanga, ndiye majekete ndi nsapato zabwino zoyendera musaziiwale.

Agogo Jere, mphunzitsi wopuma pantchito, anayankha:

Mwana wanga Nachisale, zimene anena anzangawa ndi zoona ndipo sindikutsutsapo, koma ndikudabwa kuti pa ndondomeko yonseyi palibe malo amodzi okhudza ifeyo, pamene dzina la Berlin tonse tidayamba kulimva m'kalasi chifukwa cha msonkhano wogawana Africa. Msonkhanowo udachitika kuyambira pa 15 Novembala 1884 mpaka pa 26 Febuluwale 1885 m'nyumba ya Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany panthawiyo, mumsewu wa Wilhelmstraße, padali nthumwi za mayiko 14, ndipo palibe mfumu kapena nthumwi ya anthu a mu Africa imene idaitanidwa. Nyumbayo idaonongeka pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo pamalopo lero pali nyumba wamba zogonamo anthu, koma kutsogolo kwa nambala 92 kuli chikwangwani chofotokoza za msonkhanowo. Ndi mtunda wa mphindi zochepa kuchokera ku Brandenburger Tor, choncho mukhoza kupitako Lachisanu lomwelo popanda kusokoneza dongosolo la a Mbewe.

Ndifotokozeko pang'ono kuti mukaime pamenepo mukudziwa chimene mukuona. Anthu ambiri amaganiza kuti pamsonkhanowo adajambula malire onse a mayiko athu, koma kwenikweni adagwirizana malamulo a kalandidwe ka malo ndi a malonda, ndipo adavomereza ulamuliro wa Mfumu Leopold ya ku Belgium ku Congo. M'chikalata chimene adasainacho, pofotokoza dera la malonda aufulu, mudatchulidwa mtsinje wa Zambezi, mtsinje wa Shire ndi nyanja yathu, imene iwo adailemba kuti Nyassa. Malire athu akumpoto, otsata mtsinje wa Songwe, adachokera m'pangano lina la pakati pa Britain ndi Germany la mu 1890, ndipo n'chifukwa chake Ajeremani adakhala oyandikana nafe mpaka kumenyana ndi asilikali a Nyasaland ku Karonga mu Seputembala 1914.

Ngati nthawi ingapezeke, kwerani sitima ya U6 mutsike pa Rehberge m'dera la Wedding, kumene misewu ili ndi mayina monga Togostraße, Kameruner Straße ndi Sansibarstraße kuyambira nthawi ya atsamunda. Zaka zapitazi, pambuyo pa kulimbikira kwa anthu akuda okhala mumzindawo ndi anzawo, misewu imene inkalemekeza atsamunda idasinthidwa mayina, ndipo umodzi tsopano ukutchedwa Maji-Maji-Allee, pokumbukira nkhondo ya 1905 mpaka 1907 imene anthu a kummwera kwa Tanzania, kuphatikizapo Angoni a ku Songea, adalimbana ndi Ajeremani. Kwa ine amene ndine Mngoni, chikwangwani cha msewu umenewo n'chofunika kuposa nsanja ya pa Alexanderplatz, ngakhale nsanjayo ndi yaitali mamita 368 ndipo ndikudziwa kuti alendo amaikonda. Lolemba, pamene nyumba zina zili zotseka, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Humboldt Forum imakhala yotsegula, ndipo mmenemo muli zinthu zambiri zimene zidatengedwa mu Africa, zina mwa izo zosema zamkuwa za ku Benin zimene umwini wake boma la Germany lidaubweza ku Nigeria mu 2022.

Pomaliza ndikupemphani chinthu chimodzi. Pakati pa chipata chija ndi Wilhelmstraße mudzadutsa pa chikumbutso cha Ayuda amene adaphedwa mu ulamuliro wa Hitler, bwalo la miyala ikuluikulu ya konkire yokwana 2,711. Ukayamba kulowa miyalayo imakhala yofika m'mawondo, koma pansi pamatsetsereka ndipo posakhalitsa imakupitirira kumutu, phokoso la magalimoto n'kuzilala. Mudzaona achinyamata ena akukwerapo ndi kujambulana akuseka. Inu mukayendemo mwaulemu monga mmene timachitira kumanda, ndipo ngati mphamvu zilipo mukatsikire m'zipinda za pansi pake, mmene muli makalata ndi mbiri za mabanja, podziwa kuti zipindazo Lolemba satsegula.

Nachisale wa ku Leeds analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu, mwatithandiza koposa mmene ndimayembekezera. Munich ndi Potsdam tazichotsa, ndipo bambo atawerenga zimene alemba Agogo Jere anena kuti Wilhelmstraße ndi Wedding zilowe m'malo mwa nsanja ija. Mafomu a viza tiyamba kudzaza sabata ino. Ndatsala ndi mafunso awiri kwa a Mbewe. Loyamba, sitifuna kujomba kutchalitchi Lamlungu, ndiye kodi kuli kumene amapemphera m'Chingerezi, ndipo zingagwirizane ndi ulendo wa ku Bernauer Straße? Lachiwiri, ku Wedding tingapiteko tsiku liti kuti Lolemba lisachulukidwe, poti ndege yathu ikunyamuka madzulo a tsiku lomwelo?

Mbewe wa ku Neukölln anayankhanso:

Mayi, matchalitchi opemphera m'Chingerezi alipo. Amene ndingatchule ndi American Church in Berlin, chimene chili ku Schöneberg ndipo kumasonkhana anthu a mayiko ndi mipingo yosiyanasiyana, komanso tchalitchi cha Anglican cha St George's ku Westend, chimene chili patali pang'ono ndi pakati pa mzinda. Nthawi ya mapemphero muione pa masamba awo sabata yonyamukayo. Mukapita kutchalitchi m'mawa, Bernauer Straße ikhale ya masana, ndipo mukaona kuti bambo atopa, East Side Gallery muisunthire Lolemba m'mawa, popeza ili panja ndipo ilibe nthawi yotsekera.

Ku Wedding ndingakonde mutapitako Loweruka masana mukatuluka mu Neues Museum, chifukwa U6 mumaikwerera pa Unter den Linden kapena pa Friedrichstraße, pafupi ndi chilumbacho, ndipo simusintha sitima mpaka ku Rehberge. Basi nambala 100 mukhoza kuikwera madzulo ake pobwerera. Zikatero Lolemba mutsala ndi malo awiri oti musankhepo amodzi, Topographie des Terrors kapena Humboldt Forum, ndipo pomva zimene bambo akonda, ine ndikuona kuti mupite ku Humboldt Forum, imenenso ili pa U5 ndipo ikubwezerani ku Hauptbahnhof mosavuta. Munyamuke pa siteshoni kukatsala maola atatu kuti ndege inyamuke, chifukwa opita ku Britain amadutsanso pa mzere woonetsa mapasipoti, ndipo musaiwale kuti tsiku limenelo tikiti ikhale ya ABC.